Fungo la m'Sinki ya Kalavani ya a Mkandawire

Ntchito yanga yoyamba yolembedwa ndinaipeza pamsika wa Dwangwa ndikutsuka beseni. Inali nthawi ya chipani chimodzi, fakitale ya shuga itangoyamba kumene kugaya nzimbe, ndipo alendo anali atachuluka m'dera lathu. Ine ndinkakhala ku Liwaladzi kwa amayi anga, ukwati utatha, ndili ndi mwana mmodzi dzina lake Hawa. Tinkawamba chambo ndi kampango, ine n'kumakagulitsa ku Dwangwa kawiri pamlungu. Nsomba zikatha ndinkapita pampopi wa kuseri kwa msika kukakwecha beseni ndi phulusa ndi mchenga mpaka liwale, chifukwa sindinkafuna kukwera nalo basi likununkha.

Tsiku lina mayi wina amene ankakonda kugula kwa ine, a Nyagondwe, anaima pambali n'kumandiyang'ana mpaka ndinamaliza.

"Mama, mungamatsuke chonchi tsiku lililonse, ngakhale chinthucho chisali chanu?" anandifunsa.

Ndinati ndingathe. Anafunsanso ngati ndinali ndi khadi la chipani la chaka chimenecho. Ndinalimasula pansonga ya chitenje n'kuwaonetsa, pakuti popanda ilo ngakhale mumsikamo sindikanalowa. Lolemba lotsatira ndinayamba ntchito.

Amuna awo, a Mkandawire, kwawo kunali ku Rumphi, koma anayendetsa malole kumigodi ya ku Zambia zaka zambiri. Pobwerako anamanga nyumba pakati pa Dwangwa ndi Liwaladzi, ndipo anabwera ndi galimoto imene ife tinali tisanaionepo. Mkati mwake munali bedi lopinda, tebulo, makabati, sitovu ya gasi ndi sinki yachitsulo yaing'ono ngati mbale yosambira m'manja. Iwo ankaitcha kalavani. Ankaibwereketsa kwa azungu ogwira ntchito kuminda ya nzimbe, aphunzitsi ochokera kunja ndi madokotala, amene ankapita nayo ku Nkhata Bay kapena kunkhalango kukaona nyama. Banja lonselo linkadalira galimoto imeneyi. Ana awo awiri anali kusekondale chifukwa cha iyo.

Tsiku loyamba a Mkandawire anandionetsa zonse. "Ili ndi mimba ziwiri," anatero. "Iyi ndi thanki ya madzi abwino, timathira apa. Inayo ili kunsi, pakati pa mateyala akumbuyo, ndipo chilichonse cholowa m'sinki chimathera m'menemo. Ikabwera kuulendo, choyamba muzitsegula kampopi aka kuti madzi akuda atuluke." Za mapaipi anathera pomwepo. Iwo anali munthu wa injini. Ankatha kudziwa vuto la galimoto pongomva kulira kwake, koma kabati ya pansi pa sinki sindinawaonepo akuitsegula.

Kalavani ikabwera ndinkayalula nsalu zapabedi, kuzichapa n'kuzisita ndi simbi ya makala. Ndinkayanika matiresi, kusesa mchenga m'makona, kupukuta mawindo, kutsuka mbale, kukwecha sinki ndi sopo waufa, kenako kudzaza thanki ya madzi abwino ndi ndowa zochokera pachitsime. Chinthu chimodzi chokha ndinapempha poyambirira. Ndife Asilamu kwathu, choncho ndinati alendo akakazinga nyama ya nkhumba, chiwayacho ndisamachigwire. A Nyagondwe anavomera mosavuta, ndipo chiwaya chotere ankatsuka okha. Miyezi inayi inatha popanda mawu.

Vuto linayamba mu Okutobala, nyenje zikulira, mchenga ukuotcha mapazi. Banja lina la azungu linabweza kalavani litayenda nayo masiku asanu m'misewu yamabampu ya kumpoto. Ndinaitsuka monga mwa masiku onse n'kutseka. Mawa lake masana nditatsegula chitseko ndinabwerera m'mbuyo. Munali fungo ngati la mazira owola osakanikirana ndi matope a m'ngalande. Ndinaganiza kuti mwafera khoswe. Ndinatulutsa madilowa onse, ndinanyamula matiresi, ndinasuzumira kuseri kwa silinda ya gasi, osapeza kanthu. Ndinatsukanso paliponse. A Nyagondwe anagula mankhwala onunkhira maluwa, ndinathira m'sinki theka la botolo. Ndinabweretsa lubani wa kunyumba n'kufukiza. M'mawa, zitseko zili zotsegula, munkakhala bwino. Tikangotseka, dzuwa n'kuomba padenga, fungo lija linkabwerera, tsopano litasakanikirana ndi maluwa ndi lubani, zimene zinali zoipa kuposa poyamba.

Loweruka mphunzitsi wina anaitenga m'mawa. Dzuwa lisanafike pamutu anali atabwera nayo, mkazi wake atatseka mphuno ndi mpango. "Kununkha kwambiri, bambo. Sitingagone," anatero m'Chichewa chake chothyoka, n'kupereka makiyi.

Azungu a m'dera lija ankadziwana onse, ndipo nkhani zinkayenda pakati pawo mofulumira. Loweruka lotsatira kalavani inali yoti itengedwe ndi dokotala wina amene makolo ake ankabwera kuchokera kunja, ulendo wa milungu iwiri. Akanaikana iyeyo, ena onse akanamva. Ngati kuti zimenezi sizinakwane, Lolemba kunabwera uthenga wa maliro ku Rumphi, ndipo a Mkandawire anayenera kupita. Asananyamuke anandiitana.

"Amake Hawa, ndibwera Lachisanu. Ndidzalowamo n'kutseka zitseko. Ndikadzamva chilichonse, tidzakambirana zina."

Atachoka, a Nyagondwe anabwera pamene ndinkachapa. Analankhula motsitsa mawu, mwina poganiza kuti akundichitira ulemu.

"Sindikukunyozani, mama, koma fungo la nsomba silichoka pamunthu. Galimoto iyi sinkanunkha musanabwere. Kapena mumakonzeramo nsomba zanu ife tikachokapo?"

Kuyambira tsiku loyamba ndinkasamba kawiri ndisanafike pakhomo pawo, ndipo zovala zantchito ndinkazisunga m'thumba lapadera, kutali ndi utsi wa amayi. Mawu aja anandilowa mpaka m'mafupa. Popita kunyumba ndinaganiza zongosiya ntchito mawa lake, asanandichotse. Koma ndinaona kuti ndikatero, dera lonse lidzati mwana wa owamba nsomba ananunkhitsa galimoto ya eni n'kuthawa, ndipo palibe amene adzandilembenso ntchito. Ndinadziuza kuti ngati ndichoke, ndichoke nditaloza ndi chala pamene fungolo likuchokera.

Lachitatu ndinapempha kuti ndipite ku Dwangwa. Kumeneko kunali a Yusufu, pulambala wachikulire amene ankakonza mapaipi m'nyumba za ogwira ntchito kuminda. Anali mnzawo wa malemu bambo anga, ankaswali mzikiti umodzi. Ndinawapeza pa nthawi yopuma masana, atakhala pansi pa mtengo wa mango. Nditawalonjera ndinafotokoza zonse. Anati kubwera sangathe, chifukwa ntchito inawapanikiza mlungu wonsewo ndipo ganyu sankaloledwa.

"Watsimikiza kuti likuchokera m'sinki?" anandifunsa.

"Sindikudziwa, bambo."

"Ndiye yamba wadziwa, mwana wanga. Fungo limayenda m'njira ngati munthu."

Anatola kamtengo n'kujambula pansi. Anati kunsi kwa sinki iliyonse paipi imapinda ngati mbedza, ndipo m'mapindamo mumayenera kutsala madzi nthawi zonse. Madzi amenewo ndiwo chitseko. Akauma kapena akadontha, mpweya wa m'thanki umakwera n'kulowa m'nyumba. Anandiuza kuti ndimasule mbedzayo, ndiitsuke, ndionenso timphira tozungulira ta m'molumikizira timene amati mawashala. Thanki ndiitsuke ndi soda ndi madzi otentha, koma osati owira, chifukwa mapaipi a galimoto zotere ndi apulasitiki. Belu lawo litalira anaimirira, nandibwereka sipanala yosintha kukamwa ndi waya wautali wopindika kunsonga. Akuchoka anatembenuka n'kuwonjezera kuti thanki nayonso imapuma, ili ndi kapaipi kake kopita kudenga, ndipo sinki ikamalira pomeza madzi ndiye kuti kapaipiko katsekeka. Ndinavomera, koma mutu wanga unali pa mbedza ija.

Soda wokwanira thanki yonse ndinalibe. Koma soda ndi chidulo ndi pachibale, ndipo chidulo ndinkachidziwa. Nditafika kwathu ndinasonkhanitsa zitsononkho ndi makoko a nthochi ouma, ndinaziotcha, phulusa lake ndinaika m'chitini chobooleza kunsi n'kumathira madzi kuti azidonthera m'ndowa. Ndinatcheza ndowa ziwiri zodzaza. Amayi anandifunsa ngati ndikufuna kuphikira therere mudzi wonse. Ndinaseka, koma sindinawauze zimene a Nyagondwe ananena.

Lachinayi ndinafika kusanatenthe. Choyamba ndinakumba dzenje kuseri kwa mpanda, kutali ndi chitsime, ndi kangalande kochokera pansi pa kalavani kukafika kudzenjeko. Ndinateleka mgolo wa madzi pamoto. Kenako ndinachita zimene a Yusufu anati ndiyambe. Ndinatseka sinki ndi chotsekera chake champhira, kabowo kena kam'mbali ndinakatseka ndi kansanza konyowa, ndinatseka zitseko ndi mawindo n'kusiya galimotoyo padzuwa kwa ola lathunthu. Nditalowa, fungo linali lochepa kwambiri. Ndinachotsa chotsekera n'kuyandikiza mphuno pabowo. Ndinatuluka mothamanga, pakuti fungo lonse linali pamenepo. Koma mtima unakhalako pansi, chifukwa tsopano ndinadziwa khomo lake.

Ndinagwada n'kutsegula kabati ya pansi pa sinki. Thabwa la pansi linali lotupa ndi lakuda pakati. Ndinali nditalipukuta kambirimbiri poganiza kuti ndi madzi otayika potsuka mbale. Ndinatchera beseni, ndinasintha sipanala kuti igwire nati yaikulu ya mbedza ija n'kuyamba kupotoza. Sinasunthe. Ndinalimbana nayo mpaka ndinazindikira kuti ndikupotozera kolimbitsa. Ndinaikulunga ndi nsanza yoviika m'madzi otentha, ndinadikira pang'ono, n'kupotozera kwinako. Inalira n'kumasuka.

M'mbedzamo munali madzi osakwana ndi masipuni awiri omwe. Mbali zake zonse zinamatidwa ndi mafuta oundana otuwa, ngati phala logona. Ndinatuluka nayo panja n'kuyamba kukolowola ndi kamtengo pa nyuzipepala yakale. Munatuluka masamba a tiyi, mpunga, tsitsi, kenako mamba a nsomba, ambiri ndithu. A Nyagondwe anali ataima pafupi, manja atapinda pachifuwa.

"Mamba awo," anatero. "Ndinanena ine."

Ndikanatha kunena kuti alendo ankagula chambo kwa asodzi n'kumapalira m'sinki, koma umboni ndinalibe. Ndinangoweramitsa mutu n'kupitiriza kukolowola. Chakumapeto kamtengo kanakoka tizingwe titalititali tolimba, tokutidwa ndi mafuta. Ndinatitambasula pa nyuzipepala. Tinali tizikopa ta m'mphepete mwa nyama ya nkhumba yodulidwa mopyapyala ija imene azungu amakazinga m'mawa. Banja lija la masiku asanu linabwera ndi chiwaya choyera mbee ndi mafuta ake, ndipo anachitsuka anali a Nyagondwe omwewo. Ndinatukula kachikopa kamodzi ndi kamtengo.

"Izinso ndi zanga, mayi?"

Anawerama n'kukayang'anitsitsa. Kenako anati, "Siyani, nditsuka ine."

Kamtengo sikakanatha kuchotsa mafuta onse. Pankafunika zala ndi nsanza. Chibadwire ndinali ndisanakhudzepo chinthu chimenecho, ndipo thupi langa lonse linkakana. Koma ndinkadziwa kuti a Nyagondwe akangotsuka pamwamba, fungo n'kutsalira, mlandu udzabwereranso kwa ine. Ndinakumbukiranso zimene tinaphunzira kumadrasa, kuti chodetsa chogwera pakhungu chimachoka ndi madzi ndi dothi. Ndinati, "Ayi, mayi, ndayamba ndine." Ndinavala kathumba kapulasitiki ka shuga kudzanja. Kanang'ambika ndisanafike pakati. Ndinapitiriza choncho ndi chidulo chotentha ndi nsanza yokulunga pawaya mpaka mkati monse munayera. Nditatha ndinapita kuseri n'kusamba m'manja kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi, monga tinaphunzitsidwira.

Pobwezeretsa ndi pamene ndinaona chimene chinkaumitsa mbedzayo. Kunsi kwake kunali kachitsekero kakang'ono, ndipo washala yake inali itauma ndi kutentha n'kung'aluka. Madzi ankadontha pamenepo pang'onopang'ono mpaka kutha. Washala yatsopano ikanapezeka kutali, mwina ku Salima. Ndinapempha chubu chakale cha teyala m'kachipinda ka a Mkandawire, ndinaika washala yakaleyo pamwamba, ndinazunguliza ndi khala n'kudula ndi lumo. Yoyamba inatuluka yokhota, inadontha. Yachiwiri bowo linakula. Yachitatu inakhala. Ndinamanga nati ndi dzanja kaye, kenako sipanala pang'ono chabe kuopa kuswa pulasitiki. Ndinathira kapu ya madzi, ndinayala pepala louma pansi pake n'kudikira. Silinanyowe.

Tsopano inatsala thanki. Masiku amenewo mkazi sankaloledwa kuvala buluku, choncho ndinapinda chitenje pakati pa miyendo n'kuchimanga zolimba, ndinayala chiguduli n'kukwawira kunsi kwa galimoto chagada. Amuna ena amene ankadutsa atanyamula ukonde anaima pampanda. "Mayi, mwasanduka makaniko?" anafunsa mmodzi, anzake n'kuseka. Ndinagogoda thankiyo ndi sipanala ndipo inamveka kuti muli zinthu, koma nditatsegula kampopi panangotuluka timadzi tochepa n'kuleka. Ndinazindikira kuti kwa milungu ingapo ndinkati ndikutaya madzi akuda pamene matope ake ankatsalira, atatseka potulukira. Ndinalowetsa waya wa a Yusufu m'kampopimo n'kumazunguza. Kwa kanthawi panalibe chochitika. Kenako zinaphulika. Madzi akuda bii anatsika m'dzanja langa mpaka m'khwapa, ena m'khosi ndi m'mpango. Ndinatsinzina n'kugwirabe wayayo mpaka zonse zinatsikira m'ngalande.

Nditatsuka nkhope ndinatseka kampopi, ndinasakaniza chidulo ndi madzi otentha n'kuthira kudzera m'sinki, ndowa imodzi ndi theka. Chidulo chimasungunula mafuta, koma kuti chifike m'mbali zonse za thanki pamafunika kukhutchumula, monga timachitira potsuka chigubu. Pakanakhala woyendetsa, akanangozungulira nayo m'mabampu. Ndinaima kumbali n'kuyamba kukankha galimotoyo ndi phewa. Inkangogwedera pang'ono. Ndili mkati molimbana nayo ndinamva ikupepuka. A Nyagondwe anali atapita mbali inayo, atamanga chitenje m'chiuno.

"Kankhani, ine ndizibweza," anatero.

Tinaigwedeza choncho, uyu kukankha uyu kubweza, mpaka madzi ankamveka akuomba m'thankimo. Tinaisiya kwa theka la ola, ndinakwawiranso pansi kukatsegula. Tinabwereza katatu. Ulendo woyamba munatuluka zakuda, wachiwiri zotuwa ndi zibuma za mafuta, wachitatu zoyererako. Ndinatsukuluza ndi madzi a pachitsime mpaka anatuluka monga analowera, pomaliza ndinathira madzi ofinyiramo mandimu a pakhomo pomwepo. Dzenje lija ndinalikwirira ndi phulusa ndi dothi.

Dzuwa linali litapendeka koma likuotchabe. Tinatseka zitseko n'kukhala pamthunzi. Zala zanga zinali zitayera ndi chidulo. Patapita ola tinalowa tonse awiri. Fungo linali litachepa kwambiri, koma linalipo. Linkabwera pang'onopang'ono kuseri kwa mandimu.

Ndinakhala pansi m'kalavanimo, misozi ili pafupi. A Nyagondwe anandigwira paphewa.

"Mwayesetsa, mama. Bambo akabwera ndiwauza kuti si inu."

Mawu amenewo akanandikwanira Lolemba lija. Koma tsopano ndinali nditalowa m'mimba mwa galimotoyo, ndipo zinkandipweteka kuti indigonjetse. Komanso dokotala akanaikana, ntchito yangayo ikanatha ndithu, kaya wolakwa ndi ndani. Ndinati, "Sindinamalize, mayi." Ndinaimirira, ndinatunga jagi ya madzi n'kuthira m'sinki ndikumvetsera. Madzi anatsika, ndipo chakumapeto sinkiyo inalira gudugudu ngati munthu womwa mothamanga. Ndinapisa kaudzu kouma m'bowomo. Kanatuluka konyowa kunsonga kokha. Madzi oti atsale m'mbedza ankakokedwa n'kupita nawo m'thanki. Apo ndi pamene ndinakumbukira mawu amene a Yusufu ananena akuchoka.

Ndinabwereka makwerero kwa oyandikana nawo n'kukwera padenga. Chitsulo chinali chotentha moti ndinayala chiguduli kuti ndigwadepo. Chakumbuyo kunali kachipewa kapulasitiki konga bowa, kamene nthawi zonse ndinkakaona ngati chokongoletsa. Nditayandikira ndinaona mavu akulowa ndi kutuluka kunsi kwake. Monga mwana wa owamba nsomba ndinaganiza za utsi, koma ndinakumbukira silinda ya gasi ndi mpweya wa m'thanki, ndipo ndinaopa moto. Ndinakulunga nkhope ndi mpango wina n'kusiya maso okha, ndinatenga nsanza yonyowa ndi sopo n'kuvindikira kachipewako mwamsanga. Ambiri anatsekeredwa, koma awiri anandipeza. Mmodzi anandiluma padzanja, wina pachikope cha diso lamanzere. Ndinagwira m'mphepete mwa denga mpaka chizungulire chinatha.

Ndinamasula timasikuluwu tiwiri ndi nsonga ya mpeni n'kuchotsa kachipewako pamodzi ndi chisa. Kukamwa kwa kapaipi kunali kotsekeka ndi dothi louma gwa, lomangidwa ndi tizilombo tina tomwe timamanga ndi matope, kuya kwake ngati chala. Ndinalikolowola pang'onopang'ono ndi mpeni, ndikutulutsira kunja kuti lisagwere mkati, kenako ndinalowetsa waya wonse mpaka unafika pansi. Mpweya woipa unatuluka n'kundiomba kumaso, ndipo sindinakondwerepo ndi fungo loipa ngati tsiku limenelo, chifukwa linali likutulukira koyenera. Ndinathira jagi ya madzi m'kapaipiko n'kuwamva akugwera m'thanki. Ndisanabwezeretse kachipewa ndinamangapo kachidutswa ka neti yakale ya udzudzu kuti tizilombo tisalowenso.

Potsika diso linali litayamba kutsekeka. Ndinalowa m'kalavani n'kuthira madzi m'sinki. Anatsika mwakachetechete. Kaudzu kanatuluka konyowa mpaka pakati. A Nyagondwe anandikhazika pakhonde n'kundithira madzi ozizira pachikope ndi dzanja lawo, ndipo tsiku limenelo anandiperekeza mpaka pamsewu.

Lachisanu tinatseka kalavani kuyambira m'mawa n'kuisiya padzuwa. A Mkandawire anatsika basi masana, fumbi lili m'tsitsi. Atalandira madzi akumwa ndi kufotokoza za maliro, anapita kukalowamo n'kudzitsekera. Anakhalamo nthawi yaitali moti ndinayamba kuwerenga nkhuku za pabwalo kuti mtima usathamange. Anatuluka thukuta lili kamukamu.

"Mukungomveka mandimu," anatero. Kenako anandiyang'ana. "Nanga disolo?"

A Nyagondwe ndi amene anayankha. Anafotokoza zonse, kuyambira pa tizikopa tija mpaka pa mavu, ndipo sanadumphe mawu amene anandiuza Lolemba. "Ndinawalakwira mayi awa," anatero pamaso pa amuna awo. A Mkandawire sanachulutse zonena. Anandipempha kuti ndiwaonetse. Anagwada pa kabati ija, munthu wamkulu woti wayenda maiko, n'kumagwiragwira washala yanga ya chubu pamene ine ndinkafotokoza za madzi otsekera mpweya. Atadzuka anati, "Kuyambira lero, alendo muziwalangiza ndinu."

Loweruka dokotala uja anabwera ndi makolo ake. Iye ankalankhula bwino Chichewa. Ndinaima pakhomo la kalavani, diso lili lotupa, n'kumuuza zinthu zochepa. Mafuta okazingira azithira m'chitini chimene ndinaika pambali pa sitovu, osati m'sinki. Nsomba azipalira panja. Akayenda m'mabampu, pofika azithira kapu ya madzi m'sinki, chifukwa kugwedezeka kumataya madzi a m'mbedza. Thanki azitaya tsiku lililonse, asadikire kuti idzaze. Anamasulira zonsezo kwa amayi ake, ndipo mayi wokalambayo anagwedeza mutu ngati akumva za kukhitchini kwake. Anabwera nayo patatha milungu iwiri ilibe fungo lililonse.

Ndinagwira ntchito kwa a Mkandawire zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka injini ya kalavani inafa moti ngakhale eni ake analephera kuidzutsa. Pofika nthawi imeneyo ndinali nditagula sipanala yanga, ndipo eni nyumba zogona alendo kuyambira ku Dwangwa mpaka kuboma ankatumiza uthenga masinki akavuta. Ambiri ndinkawapeza atathira kale mabotolo a mankhwala onunkhira, ndipo kawirikawiri anali atapezanso munthu womuloza chala, wophika kapena wochapa. Ndinkawapempha kuti asiye kaye zonse ziwirizo mpaka nditsegule kabati. Fungo silitha ndi kuliphimba, ndipo mlandu wake suthera pakamwa. Mpaka lero munthu akandinenera chinthu chimene sindinachite, sindikangana naye. Ndimangomupempha kuti asachoke, aime pomwepo aone ndikumasula.